Matumbo Osatsuka

Kaomba, Kasungu
19 Epulo 2009

Mwana wanga Dyna,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo mayeso akuyenda. Kuno tilipo. Fodya yense ali m'chigafa, akuuma.

Pa maliro unandifunsa kuti zinayamba bwanji, ine ndinangokuyang'ana. Pa foni ya ku golosale ya a Kasimu sindingathe kulankhula, anthu ogula sopo amaima n'kumamvera. Ndiye ndalemba.

Linali Lachiwiri. Tinalawirira kukathyola fodya, amayi ako kutsogolo ine pambuyo, akundinena kuti ndikusiya masamba okhwima. Mvula itayamba tinathawira m'chigafa n'kumasoka. Anandiuza kuti kamsoti kawo ka mbuzi kakuda kaja, kamene kanatha masabata atatu kakutsekula m'mimba, sikafika Lamlungu, bola tikaphe kasanafe kokha. Ndinakapha masana. Iwo anatenga zamkati kupita nazo kuseri kwa nyumba, monga unkawaonera: madzi otentha, mpeni wobuntha, kupala chifu mpaka kuyera. Anamanga nthumbwana. Ukudziwa kuti ine zamkati sindidya. Anandiseka, amvekere, "Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mukudyabe ngati mlendo." Ine ndinadya mwendo. Chakumadzulo anasita malaya anga a kutchalitchi ngakhale Lamlungu linali kutali, ati makala ayaka kale, asapite pachabe. Tsikulo linatha choncho.

Lachinayi m'mawa anayamba kusanza ndi kutsekula. Loweruka iwe unafika kuchipatala iwo atatisiya kale. Adokotala anati madzi anatha m'thupi.

Tsopano chimene sukudziwa. Sabata imene kamsoti kaja kanayamba kudwala, ndinapeza botolo la mankhwala opopera fodya litagwa m'chigafa, mankhwala atatayika. Ndinali nditaliika pa mtanda osatseka bwino. Mbuzi zimabisala mvula momwemo. Amalume ako a Benjamin analiona tsiku lomwelo, ndipo anandithandiza kukwirira ndi dothi. Iwe utabwerera ku koleji, abale a amayi ako anakhala pansi, a Benjamin n'kunena za botololo. Akuti mbuzi inanyambita poizoni, poizoniyo anakhala m'matumbo, mlongo wawo n'kudya. Sananditukwane. Anangoti sandisudzula, ndipo katundu wa amayi ako sagawidwa mpaka nkhaniyi ioneke mutu wake. Chipinda ndatseka. Ndikugona pabalaza.

Sindikuwadandaula, chifukwa zimene iwo anena pakamwa ine ndimazinena mumtima. Iwe ukuphunzira za ziweto. Undiuze mosabisa: kodi zingatheke? Timbuzi tina tiwiri tayambanso kutsekula.

Ndine bambo ako,
Frazer

Lilongwe
3 Meyi 2009

Ababa,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Kodi mukudya? Musandiyankhe kuti mulipo basi, ndimakudziwani.

Funso lanu sindingaliyankhe ndi pakamwa pokha, koma mwina pali njira. Chaka chino tikuphunzira mnofu wa m'mimba mwa ziweto pa maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Timatenga kachidutswa ka thumbo, kukalimbitsa m'phula, kukadula mopyapyala kuposa khungu la anyezi, kukapaka utoto, n'kukaika pa galasi. Thumbo limene kumudzi timaliona ngati chingwe chimodzi lili ndi zigawo zinayi zosanjikizana, chilichonse ndi ntchito yake. Matenda akadutsa amasiya mapazi pamenepo.

Ndalankhula ndi a Samsoni, amene amayang'anira labu yathu. Avomera kundithandiza. Kamsoti kakuda kaja kanapita, koma timbuzi tiwirito tikudwala chimodzimodzi, ndiye tingatiuze chimene chili m'khola lanu.

Ndapereka botolo kwa dalaivala wa a Kasimu, amene amabwera kuno kudzaoda katundu Lachisanu lililonse. Muli madzi otchedwa fomalini, oletsa mnofu kuola. Kamodzi kakafooka mukaphe, mudule tizidutswa ta chifu ndi ta matumbo, tofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, muponye m'botolomo. Madziwo asakukhudzeni m'maso. Ndipo botolo limeneli mulitseke bwino.

Sindikulonjeza kanthu, Ababa. Chimene ndidzaone ndicho ndidzakuuzeni.

Mwana wanu,
Dyna

Kaomba
24 Meyi 2009

Dyna,

Moni. Ndikudya, amayi ako aakulu a Feggie amatumiza ndiwo masiku ena, ngakhale sakhala pansi akabwera.

Botolo ndalibweza kwa dalaivala. Ndapha kamphongo koyera, kanali katayamba kugona pansi. Nditatumbula ndinaona kuti sindingatumize zinthu zili choncho kwa anthu ophunzira, angati mwana uyu kwawo n'kotani. Ndiye ndinateleka madzi, ndinatenga mpeni wa amayi ako, n'kukakhala pamalo pawo kuseri kuja. Sindinachitepo ntchito imeneyi chibadwire, koma manja anakumbukira zimene maso ankaona. Chifu ndinachiviika m'madzi otentha, zakuda zija zinasupuka zonse. Matumbo ndinawatembenuza ndi kamtengo, ndinawapala, ndinawatsukuluza kanayi. Zinanditengera masana onse, zala ziwiri zapsa. Ukatsegula udzayesa atsuka ndi amayi ako.

Botolo ndatseka bwino. Ndakulunganso m'pepala la pulasitiki.

Undilembere msanga.

Bambo ako

Kaomba
14 Juni 2009

Dyna, mwana wa mlongo wanga,

Moni wochokera kwa ine ndi azakhali ako. Ine si munthu wa makalata, ndiye ndingolunjika.

Ndamva kwa a Kasimu kuti pali botolo likuyenda pakati pa iwe ndi bambo ako. Ine sindinauzidwe. Mbuzizo n'za amayi ako Malita, anazigula ndi mtedza wake, ndipo katundu wa womwalira sakhudzidwa asanagawidwe. Koma zimenezo ndizisiye.

Usaganize kuti ndimadana ndi alamu. Akhala pamudzi pano zaka zonsezi, sindinamvepo akukweza mawu. Koma botolo lija ndinaliona ndi maso anga, fungo lake ndinalimva. Malita ndi amene anandilera ine mayi athu atamwalira. Anthu akandifunsa kuti chinamutenga n'chiyani, ndiziti madzi anatha m'thupi? Madzi amangotha?

Ngati galasi lakolo limanena zoona, linene. Koma usatibweretsere Chingerezi chotchinjiriza bambo ako. Ndipo ndani anaona kuti mbuzi yodulidwayo inali yodwaladi?

Bambo akowo aonda. Uziwalembera.

Amalume ako,
Benjamin

Kaomba
12 Julayi 2009

Mwana wanga,

Moni. Masabata asanu ndi awiri apita. Lachisanu lililonse ndimakaima pa golosale, dalaivala amatsitsa shuga ndi mafuta, kenako n'kundipukusira mutu. A Kasimu tsopano amanditulutsira mpando ndisanapemphe.

Ndamva, Dyna. Ukanapeza zabwino ukanathamanga nazo. Usavutike kufunafuna mawu ofewa. Ngakhale m'kalata yako yoyamba ndinamva pamene unati botolo limeneli ndilitseke bwino. Unali ndi ufulu wonena choncho.

Ndaganiza izi. Ndikatsiriza kugulitsa fodya ndipita kwa amalume ako kukavomera pamaso pa abale onse. Akagawa katundu ndinyamula zanga kubwerera kwathu ku Nkhamenya. Ndinabwera pamudzi pano ngati mkamwini chifukwa cha amayi ako, ndipo sindingapitirize kulima munda wawo ngati ndine ndinawapha. Mundawo ndi wako, sudzasowa pofikira.

Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Ungondiuza ngati uli bwino.

Bambo ako,
Frazer

Lilongwe
19 Julayi 2009

Ababa,

Musapite kwa amalume. Musanyamule chilichonse. Sindinapeze poizoni. Sindinapeze kanthu, ndipo wolakwa ndine.

Nditatsegula botolo lija ndinaona tizidutswa toyera mbee, todulidwa mofanana. Ndinazindikira katsukidwe ka Amayi nthawi yomweyo. Ndinatuluka panja kukalira. Nditabwerera ndinapeza a Samsoni atatola kamodzi, akukatembenuza, ati, "Izi n'zokaphika, mwana wanga, si zoyeza. Koma amene watsukayu amadziwa ntchito."

Tinayesabe. Pa galasi panaoneka minofu iwiri yokha, wina wozungulira thumbo ngati mphete, wina wotsata utali wake. Imeneyo ndi imene imakankha chakudya. Inali yabwinobwino, koma siinena kanthu. Chimene timafuna chili mkati mwenimweni. Zakuda zija Amayi ankasupula pa chifu si litsiro ayi, ndi khungu lake la mkati. Zoterera za m'matumbo zija nazonso si zonyansa chabe. Mmenemo muli tinthu tonga zala ting'onoting'ono, tambirimbiri, toimirira mothithikana ngati mbande pa nazale, ndipo ndi timene timayamwa chakudya. Matenda amayambira pamenepo. Inu munapala zonsezo, monga aliyense wakwathu akanachitira. Ine ndazolowera za kuno mpaka kuiwala kulemba mawu amodzi okha: musatsuke.

Ndinayamba kukulemberani kanayi. Ndikanakuuzani bwanji kuti masana onse aja, ndi zala zanu zakupsa, zapita pachabe? Ndikanapempha bwanji mbuzi ina ya Amayi? Ndinkati ndilemba mawa. Sindinaganize kuti kukhala chete kwanga mukumva ngati chigamulo. Pepani, Ababa.

Za kutseka botolo, ndinkaopa kuti lingatayikire pa shuga wa a Kasimu. Palibenso china.

Ndatumiza lina. Ngati kambuzi kachiwiri kaja kakudwalabe, mudule kakangophedwa, muponye m'botolo momwe ziliri, ndi ndowe zomwe. Zikhale zonyansa. Ndipo muitane amalume adzaone ndi maso awo, anandilembera kufunsa za mboni.

Mwana wanu,
Dyna

Kaomba
9 Ogasiti 2009

Dyna,

Moni. Kalata yako ndinaiwerengera pa mpando wa a Kasimu, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka anandifunsa ngati ndikufuna madzi.

Kambuzi kachiwiri kanali kakadali moyo, mafupa okhaokha. Ndinapita ndekha kukaitana amalume ako. Anabwera. Anakayang'ana kunsi kwa mchira, anaona kuti n'kodwaladi, kenako anagwira miyendo. Podula ndinawapatsa mpeni kuti asankhe okha malo. Tinaponyamo tizidutswa tisanu ndi kamodzi, tobiriwira, tonunkha. Dzanja langa linkafuna madzi, ndinaliletsa.

A Benjamin anakweza botolo padzuwa n'kuliyang'ana, amvekere, "Malita akanationa tikutumiza izi ku Lilongwe, akanatithamangitsa tonse ndi chipande." Tinaseka pang'ono. Kenako tinasiya, aliyense n'kuyang'ana kwake.

Atseka okha, alemba dzina lawo pa chivindikiro. Ati chimene chituluke achimva, koma sanalonjeze kuti achivomera.

Ulendo uno ukachedwa ndidikira. Koma uzilemba, ngakhale mzere umodzi.

Bambo ako

Lilongwe
6 Seputembala 2009

Ababa,

Moni kwa inu ndi amalume. Kalatayi muwerengere limodzi.

Ulendo uno zigawo zonse zinayi zinaoneka. Chifu chinali bwino, khungu lake losapsa, losasupuka. Vuto lili m'matumbo aang'ono. Tizala tija, m'malo moimirira, tafupika ndi kuthyoka ngati fodya womenyedwa ndi matalala. M'kati mwake mwadzaza tinthu tozungulira, tounjikana ngati mazira a nsomba. Ndinatiwerenga pa galasi limodzi mpaka kutopa. A Samsoni anayang'ana, aphunzitsi athu anayang'ananso, onse anena chimodzi: ndi tizilombo totchedwa kokisidiya. Timachulukana m'khola la chinyezi nthawi ya mvula, timalowa ndi chakudya chokhudzana ndi ndowe, ndipo timagwira kwambiri mbuzi zazing'ono. Mbuzi imatsekula, imaonda pang'onopang'ono kwa masabata, chifukwa ilibe choyamwira chakudya. Ta mbuzi n'ta mbuzi zokha. Sitilowa mwa munthu.

Ndinawafunsanso za mankhwala a fodya. Ati mbuzi yonyambita amenewo siidwala masabata atatu. Imachita dovu, imanjenjemera, ndipo imafa kapena kuchira tsiku lomwelo kapena lotsatira. Kamsoti kakuda kaja inu munati kanatha masabata atatu kakutsekula, chimodzimodzi tiwiri tina tija.

Amalume anati ndisatchinjirize munthu, ndiye ndinene pamene galasi likulekezera. Kamsoti kakudako sindinakaone. Chimene chinatenga Amayi galasi silikuchidziwa, ndipo ine sindichidziwa. Mwina madzi akumwa, mwina china, inali nthawi ya mvula. Chimene ndikudziwa n'chakuti mbuzi za m'khola lathu zikufa ndi tizilombo, osati poizoni. Ndikanakhala ndi chikaiko pa botolo lanu lija ndikanakuuzani, chifukwa anali amayi anga.

Ndaikamo chithunzi chojambulidwa pa makinawo. Pamene ndalemba mivi ndi pamene pali tizilomboto. Khola mulisamutsire pouma, mulikweze, ndipo mukaonane ndi alangizi a ziweto za mankhwala ake.

Ababa, bwererani kuchipinda. Pabalaza pamazizira.

Mwana wanu,
Dyna

Kaomba
13 Disembala 2009

Mwana wanga Dyna,

Moni. Pepa kuti makalata anga a miyezi iyi anali a mizere iwiri. Ndinkadikira kuti zithe ndikuuze zonse pamodzi.

Amalume ako anatenga kalata yako ndi chithunzi, anakhala nazo mwezi wathunthu. Ndinamva kuti anapita nazo kwa alangizi a ziweto, osandiuza, kukafunsa ngati mwanayu sakunama. Kumapeto kwa Okutobala anaitanitsa abale. Anawerenga okha, mokweza, mpaka pamene unati chimene chinatenga amayi ako suchidziwa. Pamenepo anaima. Anafunsa kuti nanga ngati si botolo, ndiye ndani. Kenako a Feggie anati, "Benjamin, iwe ukufuna munthu woti umuloze. Palibe. Mng'ono wanga anadwala, anamwalira. Mumasuleni bamboyu alire mkazi wake." Amalume ako anaphimba nkhope ndi chipewa nthawi yaitali. Atachotsa anandigwira dzanja.

Anandisudzula Loweruka lotsatira. Anati ndili mfulu kupita kapena kukhala, koma a Benjamin anaonjeza kuti ndikapita khola latsopanolo alimanga ndi yani. Ndakhala.

Sindinganene kuti mtima wapola. Botolo lija ndinalisiyadi losatseka, ndipo masiku ena ndimabwererako. Koma tsopano ndimatha kukumbukira amayi ako popanda kuyambira pamenepo.

Chipinda tinatsegula ndi a Feggie. Nsalu anagawana abale awo aakazi. Mapoto ndi mbale zapita kwa azakhali ako, nsapato kwa mayi wina wa Mvano amene phazi lake linakwana. Baibulo ndi buku la nyimbo akusungira iwe, pamodzi ndi nsalu yobiriwira imene anavala pokuperekeza ku koleji. Mbuzi zinayi zotsala anati n'zako, ine ndingoweta. Atandifunsa chimene ndikufuna ndinati palibe, ndipo ndinkanena zoona.

Posesa, kuseri kwa sutikesi tinapeza mabotolo asanu ndi atatu a mbewu, zosakaniza ndi phulusa, otseka ndi zitsononkho. Chimanga cha makolo, nyemba zamitundumitundu, khobwe, nthanga za maungu, ndi zina zazing'ono zakuda zimene ngakhale a Feggie sanazidziwe. Palibe anazifuna. Aliyense anali atalandira kale mbewu ya makuponi. Wina anati tipatse nkhuku.

Ndinazitenga ine. Sanalembepo kanthu pa mabotolowo, ankazidziwa ndi maso, ndiye sindikudziwa kuti nyemba iti imayanga ndi iti siyanga, kapena iti imafuna kutsogola. Mvula itagwa pa 28 Novembala ndinasiya mizere khumi kumunsi kwa munda, kumene ndikanaika fodya, n'kubzala zonse, botolo lililonse mzere wake, chimanga mizere itatu.

Zamera, kupatula mzere umodzi. Zakuda zija zatulutsa timasamba tiwiritiwiri, sindinazizindikirebe. Ukabwera pa Khrisimasi ubwere ndi nsapato zakumunda. Ndikuopa kupalira ndekha, ndingazule zimene anasunga.

Ndine bambo ako,
Frazer